Mayina a Gologolo, Kadyamoyang'ana wa m'Chigwa cha Luangwa

Wambani ng'oma pamoto, anyamata, zikopa zikungike. Mbalule itsogole, mpanje uyankhe, gunda agunde mpaka fumbi lidzuke pabwalo. Amayi, manja! Mkango uli nawo kale oimbira ake, njovu yadzaza zikwangwani za msewu wa ku Mfuwe, nkhwazi inakwera pa mbendera ya dziko mu 1964 ndipo sinatsikepo. Lero bwalo talambulira wamng'ono, wolemera magalamu ngati 200 okha, wotalika masentimita 35 mukawerengera ndi mchira womwe, pakuti theka la msinkhu wake ndi mchirawo. Lowani, a Gologolo! Lowani, Kadyamoyang'ana, Mwinimphako, Msiyamkute, Mlonda wa m'tsanya, Chibisambewu, Kawerengamapazi, inu amene chibadwire simunadyepo chakudya chaulere.

Ndi-ndi-ndi, gu! Ndi-ndi-ndi, gu!

Dziko lanu tilitchule kaye, kuti alendo adziwe kwa amene afika. Mapiri ozinga Chipata ndi anu, mikuyu ya m'mbali mwa Lutembwe ndi yanu, misuku ya ku Katete ndi ku Chadiza ndi yanu. Koma likulu lanu lili kumunsi, kumene msewu umatsetsereka makilomita oposa 100 kukafika kwa Akunda, ku Mambwe, kwa Nsefu, m'nkhalango za tsanya za South Luangwa, malo a masikweya kilomita 9,050 amene boma linawasandutsa paki mu 1972. Andrew Smith anakulembani m'buku mu 1836, ndipo akatswiri lero amakutchani Paraxerus cepapi. Agogo athu anali akukudziwani kale, ndipo ankadziwanso chimene ine ndabwera kudzaimba: kuti mantha anu ndi nzeru, ndi masamu amene mumawerengera musanalume kanthu kalikonse.

Mwinimphako, inu otuluka dzuwa litatuluka kale! Mumayamba mphuno, kenako maso, kenako mapewa, mchira n'kutsala m'kati ngati chikole. Mumaothera dzuwa pakhomo pa mphako, inu ndi akazi anu ndi ana, kupesana ubweya mpaka banja lonse linunkhe fungo limodzi, kuti wobwera adziwike asanayandikire. Njala ilipo, m'mimba mukulira, koma simutsika msanga. Mumawerenga kaye adani.

Tiwatchule adaniwo mmodzimmodzi, ng'oma itsike mawu. Kumwamba kuli kabawi wodziwa kuzemba pakati pa nthambi. Kuli chiwombankhanga chofiirira chotchedwa dzina la Wahlberg, chimene chimafika kuno cha mu Ogasiti kudzaswa, nthawi yomweyo imene mitengo yayoyola masamba ndipo inu mwatsala poyera. Kuli kabawi wina wa nkhope yachikasu, wa miyendo yopindikira kutsogolo ndi kumbuyo komwe, amene amakangamira pathunthu n'kupisa mwendo m'mphako kufunafuna ana anu. Pansi pali likongwe wokwera mitengo, pali vumbwe wosamveka mapazi, pali nsato yogona m'masamba ouma ngati chipika. Ndipo pali songo, njoka yakuda m'kamwa, imene imalowa pamene inu mumalowa, imakwera pamene inu mumakwera. Mdani wa kumwamba mumamuthawira m'mphako, koma songo akakupezani m'mphakomo mulibe khomo lachiwiri. N'chifukwa chake mankhwala anu si amodzi. Wina mumamuthawa, wina mumamubisalira mutaphwathalala panthambi osaphethira, wina mumamuzungulira thunthu kuti mtengo ukhale pakati pa inu ndi iye, wina mumamulalatira pamaso.

Gu-gu, ndi! Gu-gu, ndi!

Kadyamoyang'ana! Dzina ili ndilo lalikulu, ndipo ndikhalapo pang'ono. Taonani mmene amadyera, abale anga. Mutu pansi, watola. Mutu m'mwamba, wakhala tsonga, chipatso chili m'manja, mano akugwira ntchito koma maso ali kumitambo. Maso akewo Mulungu anawaika m'mbali mwa mutu kuti aone kumanzere ndi kumanja nthawi imodzi. Nthawi iliyonse imene mutu uli pansi, akupeza chakudya koma saona bwino. Nthawi iliyonse imene mutu uli m'mwamba, akuona koma sakutola. Tsiku lili ndi maola ake owerengeka, ndipo iye ayenera kuligawa pakati pa mimba ndi moyo, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chaka ndi chaka, popanda tchuthi.

Kawerengamapazi! Ku America kuli abale anu otuwa, akuluakulu kuposa inu, ndipo mu 1985 Steven Lima ndi anzake Thomas Valone ndi Thomas Caraco anafalitsa zimene anaona atawaikira zidutswa za bisiketi pamtetete, zina pafupi ndi mitengo, zina patali, zina zazikulu, zina zazing'ono. Chidutswa chaching'ono gologolo ankadyera pomwepo, pakuti chimatha msanga, ndipo kuchinyamula n'kutaya nthawi. Chidutswa chachikulu, chofuna kukhala nacho pansi nthawi yaitali, ankachiluma n'kuthamanga nacho kumtengo kukadyera pabwino. Mtengo ukatalikira kwambiri, kunyamulako kunkachepa, chifukwa ulendo wopita ndi kubwera unkadya nthawi yochuluka. Zinthu zitatu m'kamutu kamodzi: kukula kwa chakudya, kutalika kwa njira, kuopsa kwa pamtetete. Ine ndimaona ulemu waukulu pamenepa. Munthu amene anaonapo gologolo akukwera mtengo ali ndi chitsononkho cha chimanga kukamwa, pamene njere yogwa amaitafunira pansi pomwepo, anaona masamu omwewo kuseri kwa nkhokwe yake, popanda bisiketi.

Msiyamkute, inu ochoka pambale chakudya chikadalipo! Amene sakudziwani amati ndinu owononga, oluma n'kusiya. Katswiri Joel Brown sanatero. Mu 1988 iye anafalitsa njira yofunsira nyama kuti ikuopa motani, nyamayo n'kuyankha ndi zotsala zake. Ankatenga mbale zazikulu zodzaza dothi losefa, n'kusakanizamo njere zoyezedwa, n'kuziika m'chipululu cha Arizona, zina pansi pa zitsamba, zina poyera. Poyamba njere zimapezeka mosavuta. Zikamachepa, kukumba kumachuluka, phindu n'kumachepa. Imafika nthawi imene nyama imati, zatsalazi sizikuyenera moyo wanga, n'kuchoka. Mwini mbale akabwera kudzasefa dothi n'kuyeza njere zotsala, amawerenga mantha ngati akuwerenga sikelo. Pamene patsala zochepa, nyama inadya mtima uli m'malo. Pamene patsala zambiri, inadya mtima uli m'mwamba. Pambuyo pake iye ndi anzake anayesanso agologolo a m'mitengo cha ku Chicago, ndipo yankho linali lomwelo: patsinde pa mtengo ankakokota, patali ndi mtengo ankasiya mkute.

Amayi a ku Luangwa akudziwa zimenezi kuposa ife tonse. Pachitsime cha pamudzi mayi amadzaza ndowa mpaka kusefukira, n'kutsukanso mapazi, n'kucheza. Padooko pamene pali ng'ona amatunga kawiri katatu maso ali pamadzi, ndowa ikafika pakati amasenza n'kumapita. Madzi ndi omwewo, ludzu ndi lomwelo. Chasintha ndi chimene chagona pansi pa madziwo. Ndowa yosadzazayo ndiwo mkute wa gologolo.

Ndipo aphunzitsi a ku Chipata, a ku Chiparamba, a ku Mfuwe, imvani: njira imeneyi siifuna makina. Mabeseni awiri, mchenga wa kumtsinje, mtedza wowerengedwa. Limodzi patsinde pa mkuyu, lina pakati pa bwalo la mpira. Madzulo ana asefe, awerenge. Adzaphunzira sayansi yeniyeni kwa mphunzitsi wa mchira wautali amene amakhala kuseri kwa kalasi yawo.

Ndi-ndi-ndi, gu!

Koma musaganize kuti masamuwa ndi ouma ngati mwala. Njala imawasintha. Mu Okutobala, chigwa chikatentha kupitirira madigiri 40, tsanya ali mbee wopanda tsamba, zipatso zatha, udzu wapsa, inu a Gologolo mumatsika kukafika kumene mu Febuluwale simukanapondako. Mayi woyamwitsa, amene ananyamula mimba masiku ngati 56 n'kubereka ana awiri, nthawi zina mmodzi, nthawi zina atatu, amatalikira mtengo kuposa anzake, pakuti mkaka sutuluka m'mimba yopanda kanthu. Wokhuta amaopa kwambiri chifukwa ali ndi zambiri zoti ataye. Wanjala amalimba mtima chifukwa imfa ili mbali zonse ziwiri. Mvula ikagwa, inswa zikatuluka, maluwa akaphuka, masamba akabwerera kudzakuphimbani, mumabwezanso malire anu pafupi ndi thunthu. Wodya utomoni wa mthethe, wodya nkhuyu, wodya maula ndi mfula, wonyambita tizilombo ta pamasamba, inu odziwa kuti chakudya chokoma chili ndi malo ake ndi ola lake!

Tsopano mbalule ikwere, pakuti tafika pa Mlonda.

Mlonda wa m'tsanya, inu a pakamwa posatseka! Tye-tye-tye-tye, mchira ukukupiza, thupi lonse likunjenjemera ndi mawu. Mukaona njoka simuthawira kutali. Mumaima panthambi pamene singakufikeni, n'kuyamba kuitchula dzina, banja lonse n'kubwera, mbalame n'kusonkhana, mpaka wobisalayo adziwe kuti waonekera ndipo ulenje wake wa lero watha. Mdani wodalira kudzidzimutsa akaonekera amasanduka nyama wamba. Akale anati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri, ndipo inu munamva: pamene maso ali ambiri, aliyense amaweramitsa mutu nthawi yotalikirapo, onse n'kukhuta.

Funsani operekeza alendo a ku Mfuwe, ana a ntchito imene Norman Carr anayambitsa m'chigwa muno, iye amene mu 1950 anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kupatula malo a nyama, n'kudzayamba kuyenda ndi alendo wapansi m'tchire. Woperekeza wabwino akamva gologolo akulalata amaimitsa gulu lonse ndi dzanja. Amayang'ana kumene mphuno ya gologoloyo yaloza. Ikaloza pansi paudzu, aliyense ayang'ane popondapo. Ikaloza m'nthambi za mvunguti, mwina nyalugwe wagona pamenepo. Alendo ochokera ku London ndi ku Johannesburg amajambula nyalugweyo n'kubwerera kwawo akusimba, koma amene anawaonetsa amatsala panthambi, wosajambulidwa, mawu atasasa. Ine ndiye ndikumutchula lero pabwalo pano.

Ulondawo si waulere. Paul Sherman, atakhala zaka m'mapiri a Sierra Nevada ku California akuyang'ana agologolo okhala kuuna, analemba mu 1977 kuti wokuwa pochenjeza za mdani wa pansi ndiye amene mdaniyo amamulondola kawirikawiri, ndiponso kuti okuwa kwambiri ndi akazi okhala pakati pa ana awo ndi abale awo. Kukuwa ndi kudziika pangozi chifukwa cha magazi ako. Amayi, pamenepa nthungululu!

Makutu-a-nkhalango, inu omva zinenero za eni ake! Mu 2019 akatswiri a ku Oberlin, ku Ohio, anaulutsa kulira kwa kabawi pafupi ndi agologolo otuwa, kenako kwa ena n'kuwaulutsira phokoso la mbalame zongocheza zikudya, kwa ena ayi. Amene anamva macheza a mbalame anamasuka msanga, pakuti mbalame sizicheza kabawi ali pafupi. Ndiye kuti gologolo samvera mfuu yokha, amamveranso mtendere wa anzake. Komatu m'nkhalango mulinso abodza. Tom Flower anaonetsa ku Kalahari mu 2014 kuti mthengu, mbalame yakuda ya mchira wamphanda imene ifenso tili nayo m'minda mwathu, imakuwa mfuu yonama, ngakhale kutsanzira mawu a nyama zina, kuti tinyama ta mtundu wa msulu titaye chakudya n'kuthawa, iyo n'kutola. Wokhala m'dziko lotere ayenera kudziwa mfuu, kudziwa wokuwayo, ndi kudziwa mbiri yake.

Gu-gu, ndi! Gu-gu, ndi!

Chibisambewu, mlimi wopanda khasu! Viljoen wa ku Pretoria, amene anatsata moyo wa mtundu wanu m'zaka za m'ma 1970, ndi ena odza pambuyo pake, analemba za chizolowezi chanu chokwirira njere patsinde pa mtengo kapena pachitsa cha udzu, imodzi apa, ina apo. Zina mumazifukula, zina zimabedwa, zina mumaziiwala, ndipo zoiwalikazo mvula ikagwa zimamera. Ngakhale nkhokwe zimenezi mantha ndiwo amaziikira malo. Michael Steele ndi anzake anapeza ku America kuti gologolo wotuwa amatenga njere zabwino koposa n'kukazikwirira poyera, kunja kwa mthunzi wa mtengo, kumene akuba amaopa kupita chifukwa cha kabawi. Amalowa pangozi kamphindi kuti mdani wake amulondere chuma. Choncho kumene mtengo wa mawa udzamere kwalembedwa ndi zinthu ziwiri, njala ya gologolo ndi mthunzi wa kabawi. Mukayenda m'nkhalango n'kuona timitengo tatiunjikana apa, patali pang'ono palibe, dziwani kuti mwina mukuponda mapu a mantha a winawake amene anafa kalekale.

Sindibisa mlandu wanu, a Gologolo, pakuti wotamanda wobisa mlandu ndi wonyenga. Alimi a kuno ali nanu chifukwa. Chipata ndi dziko la mtedza. Chalimbana wa njere zazikulu anatchukitsa dera lino mpaka kunja, akatswiri a ku Msekera akhala zaka zambiri akusankha mbewu zatsopano, ndipo chiponde cha COMACO chimapangidwa mumzinda muno ndi mtedza wa alimi ang'onoang'ono. Mayi amene wapalira munda dzuwa lili paliwombo, n'kupeza makoko okhaokha m'mizere, kapena mtedza woyanika utachepa, ali ndi ufulu wokwiya. Koma mayi yemweyo akayang'anitsitsa adzaona kuti mizere yodyedwa kwambiri ndi ya m'mphepete, yoyandikana ndi mitengo ndi tchire, pamene pakati pa munda mwangodutsamo mothamanga. Adzaona kuti mtedza woyanika pansi pa mango umatha, woyanika pakati pa bwalo pamene pagona galu umatsala. Wodziwa masamu anu amakugonjetsani popanda poizoni: amatalikitsa chakudya ndi mtengo, amasiya kabawi akhale ndi moyo m'munda, mantha n'kumulondera mbewu usana wonse.

Ndipo ife tomwe tili m'gulu la adani anu, tisadzichotsemo. Mnyamata wa legeni, galu wa mlenje, diwa lotcheredwa patsinde, zonsezi munaziika m'kaundula. Gologolo wa kumudzi akaona munthu patali amazimirira kuseri kwa thunthu. Wa kumalo ogona alendo ku Mfuwe, kumene palibe womuponya mwala, amadutsa pakhonde anthu akumwa tiyi, pakuti waona kuti pamene pali anthu otere likongwe ndi kabawi safika kawirikawiri. Mtundu umodzi, chigwa chimodzi, makhalidwe awiri. Aliyense anaphunzira anthu a kwawo.

Ng'oma zonse pamodzi tsopano, pakuti mawu otsalawa ndi olemera.

Kawerengamapazi, njira zanu tikuzitalikitsa. Matumba a makala amene amalowa mu Chipata m'bandakucha, atamangidwa panjinga atatu anayi kupita ku Kapata ndi misika ina, dzulo anali milatho yanu. Pamene kale munkachoka pamsuku kufika pamuula osaponda dothi, lero pali zitsa, ndipo pakati pa chitsa ndi chitsa pali thambo lokhalokha. Moto wa osaka mbewa ukadutsa mu Ogasiti ndi Seputembala, lupsa limatsala lakuda bii, lopanda pobisala, inu n'kumaoneka ngati nyenyezi kwa aliyense wouluka. Chakudya chikhoza kukhalapo tsidya lija, chambiri ndithu, koma chakudya chimene njira yake ndi imfa chili ngati kulibe. Umu ndi mmene nkhalango imathera kawiri: koyamba ndi nkhwangwa, kachiwiri pamene wofesa mbewu zake waleka kuwoloka. Sindinyoza wootcha makala. Ali ndi ana ofuna fizi, ndipo mzinda wonse umaphikira pa mbaula yake. Ndikungotchula chimene nkhwangwa imadula pamodzi ndi mtengo. Gliricidia amene alimi akubzala m'minda, mtengo umene akatswiri anauyesa zaka zambiri ku Msekera, amabwezera nthaka chonde ndipo amafupikitsako njira yanu. Koma alibe mphako. Mphako imafuna tsanya wokalamba, chiswe, gogomole ndi zaka zambirimbiri, ndipo yotereyo ikagwa lero palibe mwa ife amene adzaone inzake.

Tsono pali ana anu. Akatha miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi inayi, akakula, inu makolo mumawapirikitsa kuti akapeze kwawo, pakuti mphako imodzi singasunge mibadwo iwiri. Amatuluka okha, opanda mlonda, opanda fungo la banja lowateteza, m'dziko limene sadziwa kuti songo amagona pati. Ulendo umenewo ndiwo woopsa kuposa yonse, ndipo ife tautalikitsa. Imbirani iwowa, amayi! Menyani mbalule ing'ambike! Mwana wa Kadyamoyang'ana waima pachitsa, wayang'ana kumwamba, wayang'ana kumanzere, wamvera mbalame, wayeza lupsa ndi maso. Thamanga, Kadumphazitsa! Thamanga, mdzukulu wa Mwinimphako, mchira tambalala, usaime pa njere, usacheukire mthengu, kabawi watembenuka kale pamwamba pa dambo, ndipo tsanya wa mphako ali tsidya lija la mtsinje wouma!